Mababu Anayi m'Shopu ya Telala

Shopu ya amayi osoka zovala inali yachitatu pa mzere wa timashopu tisanu, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa mapoto. M'katimo munali makina opalasa ndi mapazi, tebulo lodulirapo nsalu, benchi la makasitomala, ndi zenera limodzi lakumbuyo lomwe linkathira dzuwa pa singano penipeni. Magetsi anali asanafike pa mzerewo. Mapolo anaimikidwa kalekale, koma ankangobala akhwangwala.

Munthu wosasowa pa benchilo anali amuna awo a amayiwo, dalaivala wa malole amene anapuma ntchito atagwira chiwongolero zaka makumi atatu. Anzawo a pamsewu anawapatsa dzina loti a Ndikudziwako, chifukwa pa zaka zonsezo palibe anawaonapo akutsitsa galasi kuti afunse njira. Akasochera ankati akuyesa msewu watsopano. Dzinalo linawatsatira mpaka kunyumba, ndipo ngakhale akazi awo ankalitchula akafuna kuwaseka. Sanali munthu woipa ayi. M'mawa uliwonse ankanyamulira akazi awo chikwama, kuwatsegulira loko wa shopu, kuthira mafuta m'makina, kenako n'kukhala pansi kumauza aliyense wolowa kuti telala woposa uyu sanabadwe.

Chaka chimenecho munthu wina anagula malo a kuseri n'kuyamba kumanga nyumba yosungiramo katundu. Khoma linakwera mzere ndi mzere mpaka zenera lija linatsala likuyang'anizana ndi njerwa. Kutulutsa makina pakhonde sikukanatheka, poti khondelo ndiye linali njira ya anthu, ndiponso fumbi lake linali losati n'kuyalapo nsalu ya munthu. Amayiwo anayamba kusoka atapendeketsa mutu, kusaka kuwala kochepa kolowera pakhomo.

A Ndikudziwako sanapirire kuona zimenezo. Anapita ku galaja ya mnzawo n'kubwerako ndi batire la lole. Anakweza padenga kasola kamene mwana wawo anawasiyira kotchajira mafoni. Kenako anatulutsa chitini chomwe ankasungamo mababu a galimoto, chuma chomwe akazi awo anayesa kutaya kanayi konse osapambana. Anatenga waya mmodzi kuchokera ku mutu wina wa batire kupita ku babu, wina kuchokera ku babu kubwerera ku mutu winawo, n'kupachika babulo pamwamba pa makina. Atagunditsa waya, shopu yonse inangoti mbee!

"Kodi ine ndinakwatiwa ndi dalaivala kapena ndi dzuwa?" anatero amayiwo akuseka, manja ali pakamwa.

Wometa tsitsi anabwera kudzaona, lumo lili m'manja. Wamapoto naye anasuzumira n'kunena kuti akuluakulu ngati awa ndi ofunika kuwasunga bwino. Tsiku limenelo a Ndikudziwako anayenda ngati nsapato zawo zili ndi masipuling'i. Kuyamikiridwa kuli ngati mowa: alipo odziwa polekezera, alipo oitanitsa wina.

Banjali linali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, yemwe anaphunzira za magetsi mpaka ku koleji ndipo ankagwira ntchito mumzinda wina, kukonza makina a m'chipatala. Bambo ake ankamutchula kuti Injiniya, ndipo panalibe kasitomala wotuluka m'shopumo asanamve kuti nzeru zimenezo mwanayo anatengera kwa iwo. Lamlungu masana mwanayo ataimba foni, anamufotokozera za babu lija kuyambira pachiyambi, osadumpha ngakhale msomali umodzi.

"Mwagwira ntchito, ababa," anatero mwanayo. "Koma mukadzafuna kuwonjezera lina mundiuze kaye. Pali kalumikizidwe kake."

"Iwe," anayankha bambowo, "pamene ine ndinkasintha mababu pakati pa nkhalango mvula ili pamsana, unali usanamere ndi dzino lomwe."

"Ndangonena, ababa."

"Ndamva, a Injiniya. Lankhula ndi amako."

Babu lija linkawalitsa makina, koma tebulo lodulirapo nsalu linali kumbali, mu mthunzi. Lachiwiri lake, akazi awo atapita kukagula ulusi, a Ndikudziwako anakwera pa benchi. Anaganiza mwachidalaivala: msewu ulipo kale, chofunika ndi siteji ina basi. Anadula waya wobwerera ku batire uja pakati, n'kulowetsapo babu lachiwiri, kuti moto ukachoka m'babu loyamba uzidutsira m'linzakelo popita kwawo. Atagunditsa waya, mababu onse awiri anayaka. Koma kuyaka kwake kunali kwa munthu wodzutsidwa kutulo. Kuyera kuja kunatha, kunatsala chikasu chofooka.

Anatsika pa benchi, nayang'ana, nakweranso, nagwedeza mawaya. Asanaganize china, akazi awo analowa.

"Abambo, mwawonjezera lina! Koma inu." Anaika chikwama pansi, nakhala pa makina, nayang'ana singano. Anaphethira kawiri. "Kodi sikwachita kamdima muno?"

"Mdima uti? Dzulo linali limodzi, lero ndi awiri. Awiri angachepe kuposa limodzi?"

"Ine ndikuwaona ngati achita chikasu."

Wometa tsitsi anali ataima pakhomo, akudikira kuyamikira. A Ndikudziwako anamva kutentha m'makutu. Mawu anatuluka okha, opepuka ngati mankhusu.

"Ndi oyera mbee awa. Kapena ndi maso anu, mayi. Zaka zikupitatu."

Wometa uja anaseka, iwonso anaseka. Amayiwo anamwetulira pang'ono n'kuweramira nsalu. Chimene a Ndikudziwako sanakumbukire pa nthawiyo n'chakuti apongozi awo, amayi a akazi awowa, anasiya kuona ali ndi zaka ngati zomwezi. Ndipo matenda awo anayamba chomwechi: panja ankaona bwinobwino, koma akalowa m'nyumba zonse zinkachita chikasu, kenako kufiira, kenako osaonanso. Amene ankawagwira dzanja zaka khumi ndi ziwiri, kuwaperekeza kubafa ndi kuwauza kuti kapu ili kumanja, anali mwana wawo yemweyu, telala.

Dalaivala akaona kuti kutsogolo sikukuoneka, amawonjezera nyali. Sabata yotsatira a Ndikudziwako anadulanso waya uja n'kulowetsapo babu lachitatu. Chikasu chinasanduka kufiirira. Anati mwina atatu ndi nambala yoipa, nawonjezera lachinayi. Tsopano pa denga la shopu panali mzere wa mababu anayi, lililonse likunyeka ngati khala lomwe aiwala kulizima. Ukayang'anitsitsa unkatha kuona kawaya kam'kati mwa babu kali psuu, osakuthobwa m'maso n'komwe.

Anthu ankaona, koma ndani angauze bambo wachikulire, wovala jekete, kuti ntchito ya manja ake yalephera? Makasitomala ankachokera padzuwa, ndipo kwa munthu wochokera padzuwa nyumba iliyonse ndi yamdima. Ankaima pakhomo, kuyezedwa pomwepo, n'kumapita.

Eni mababuwo ankadziwa. Masana ena akazi awo atatuluka, anachotsa babu limodzi kuti aliyese, ndipo ena atatu onse anazima nthawi yomweyo. "Koma ndiye mgwirizano," anang'ung'udza. Analigunditsa lokha ku batire, ndipo linawala mpaka anatsinzina. Anayesa lachiwiri, chimodzimodzi. Onse anayi anali amoyo, batire linali ndi moto wokwanira, koma akawabwezera pa mzere wawo ankangofiira ngati akuchitirana manyazi. Anatulutsa foni m'thumba. Anapeza dzina la mwana wawo. Chala chinaima m'malere. Anakumbukira za nkhalango, za mvula, ndi za dzino losamera lija, ndipo foniyo inabwerera m'thumba. Anadziuza kuti aitulukira okha nkhaniyi, mawa kapena mkuja. Pakadali pano chofunika chinali kusaonetsa nkhope.

Ndiye m'mawa uliwonse akagunditsa waya ankanena mokweza kuti, "Taonani kuwala! Ngati bwalo la ndege." Ankanena kuti adzilimbitse mtima. Sankadziwa kuti mawu aliwonse otere ankagwera mkazi wawo ngati dothi la pabokosi la maliro.

Amayiwo anasiya kuimba posoka. Anayamba kukana nsalu zakuda, kenako zabuluu, ati alibe ulusi wake. Mphunzitsi wina anabweza siketi chifukwa mpendero unali utayenda ngati njira ya woledzera, ndipo iwo, amene kale akanatsutsa mpaka dzuwa kulowa, anangoilandira n'kupepesa. Kunyumba anayamba kuika zinthu pamalo amodzimodzi, mchere apa, machesi apo, n'kumakwiya wina akasuntha. Pa nthawi ya chakudya ankasiya kudya n'kumangoyang'ana amuna awo, nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka kuchibwano.

A Ndikudziwako ankaona kuyang'anako ndipo ankakumva molakwika. Ankati mkaziyu wandizindikira, akungodikira kuti ndivomere. Ndiye m'malo mofunsa kuti kodi mayi chavuta n'chiyani, ankawonjezera mawu pa nkhani ya bwalo la ndege. Mwana akaimba Lamlungu, onse awiri ankapikisana kumuuza kuti kuno kuli bwino.

Zinakhala chomwecho masabata asanu ndi awiri.

Lachinayi lina a Ndikudziwako anatsegula shopu monga mwa masiku onse n'kupita ku galaja kuja, ati kukacheza. Kunena zoona ankafuna kuyendetsa nkhani mozungulira mpaka makaniko atchule yekha za mababu, iwo osafunsa. Makaniko anakamba za mpira. Pobwerera, chapakati pa m'mawa, anapeza wilibala itaima pakhomo pa shopu, m'kati mwake atayalamo bulangete.

M'shopumo munali telala mnzawo wa amayiwo, wa kumsika, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe. Anali atagwada, akumasula mabawuti omangira mutu wa makina ku tebulo lake. Lamba anali atachotsedwa kale. Eni makina anali atakhala pa benchi, manja pamiyendo, akuyang'ana khoma.

"Chikuchitika n'chiyani muno? Makina awonongeka? Bwanji osandiuza ine?"

"Alamu, mwabwera," anatero wa kumsika uja osatembenuka. "Gwirani uku, ndi olemera."

"Ndigwire chiyani? Mayi, makina akupita kuti?"

Akazi awo anayankha ndi mawu osalala, okonzedwa kale, ngati nsalu yositidwa. "Ndawapatsa anzangawa. Ali ndi ophunzira awiri, makina amodzi. Kusiyana n'kuti achite dzimbiri."

"Achite dzimbiri inu muli kuti?"

"Abambo, khalani pansi."

Anakhala. Benchi lomwe ankalidziwa bwino lija linawalandira ngati la eni.

"Sindinafune kukuuzani msanga, poti mumavutika mtima ngakhale mumabisa. Maso anga akupita. Ayamba monga anayambira a amayi. Inu mukamati muno mwawala ngati bwalo la ndege, ine ndimangoona timakala tinayi. Poyamba tinali tachikasu. Pano tafiira, ndipo sabata ndi sabata zikunka zichepa. Singano ndimachita kuilowetsa ulusi ndi mwayi. Sindikufuna kudikira mpaka ndidzawononge nsalu yaukwati ya mwana wa munthu. Ndisiye ndekha anthu akadanditchula telala."

Anatambasula dzanja n'kugwira bondo la amuna awo, ngati odwala ndi iwowo.

"Musade nkhawa. Njira yake ndikuidziwa, ndinayenda nayo ndi amayi. Kunyumba ndayamba kale kuphunzira. Kuchokera pabedi kufika pakhomo ndi mapazi asanu ndi limodzi. Sindidzakuvutitsani kwambiri."

Pa zaka makumi atatu a Ndikudziwako anaonapo mabuleki akukana pa mtsetse, lole itadzaza simenti. Sanachite mantha ngati a tsiku limeneli. Anakweza maso kuyang'ana mababu awo anayi aja. Panali njira ziwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anadziwa bwinobwino kuti imene akhala akuyendayo si yopita kwawo.

"Ndi ofiira," anatero.

"Mwati?"

"Mababuwa. Ndi ofiira ngati makala. Inenso ndimawaona chomwecho. Kuyambira tsiku lomwe ndinaika lachiwiri. Si maso anu, mayi. Ndi ine. Pali chimene ndinalakwitsa pa mawayawa, ndipo sindikuchidziwa."

Ngakhale lumo la wometa tsitsi kuseri kwa khoma linamveka ngati laima.

Wa kumsika uja ndiye anayamba kupeza mawu. Anakhala pansi n'kuwomba m'manja kamodzi. "Alamu! Ine kulowa muno ndimati mwachepetsa dala kuwala poti kukuwawawa m'maso anzangawa! Ndimati koma bambo awa ndi achikondi. Kani ndi luso?"

Palibe anaseka. Amayiwo anachotsa dzanja pa bondo paja pang'onopang'ono.

"Nenaninso."

"Ndi ofiira."

"Nanga singano iyo, mukuiona?"

"Sindikuiona. Ndikapita kothira mafuta ndimachita kupapasa."

Amayiwo anaphimba nkhope ndi manja. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo amuna awo sanadziwe ngati kunali kulira kapena kuseka, poti zonse ziwiri zinkatuluka pakhomo limodzi. Atachotsa manja, maso anali ofiira kuposa mababu.

"Masabata asanu ndi awiri," anatero motsitsa. "Mukudziwa chimene ndimachita ndikamakuyang'anani pa chakudya? Ndimaloweza nkhope yanu. Ndimati ndiisunge bwino, ndi kachipsera ka pachibwanoko, kuti mdima ukadzafika ndidzakhale nayo. Nkhope ya munthu wabodza."

"Mayi..."

"Musandiitane. Imbirani mwana."

A Ndikudziwako anatulutsa foni. Ulendo uno chala sichinaime.

"Ababa? Pakati pa sabata? Kwagwanji?"

"Palibe wamwalira. Ndikufuna..." Anakhosomola. Liwulo linali ladzimbiri, losagwiritsidwa ntchito. "Ndikufuna kufunsa."

Mwanayo anali wanzeru zokwanira kusaseka. "Funsani, ababa. Ikani poti amama azimva."

Bambowo anafotokoza zonse, za kudula waya, za lachiwiri mpaka lachinayi, za kuzima kwa onse ukachotsa limodzi. Za makina ndi wilibala anafotokoza ndi amayi ake, mwachidule, ndipo mwanayo anapuma mozama kawiri asanayankhe.

"Chabwino. Za maso tikamba pambuyo. Ababa, m'kati mwa babu muli kawaya kopyapyala kaja. Moto umavutika kudutsamo, ndipo kuvutikako ndi kumene kumakatenthetsa mpaka kuwala. Tinene kuti babu lililonse ndi mtunda. Batire lanulo ndi injini, mphamvu yake ndi yomweyo, siwonjezereka. Pa mtunda umodzi lole imakwera ikuimba. Inu mwasanjikiza mitunda inayi pa msewu umodzi, wina pamwamba pa unzake, injini yomweyo. Iyenda bwanji?"

"Giya wani," anayankha bambowo mosafuna. "Mwinanso kubwerera m'mbuyo."

"Ndiye moto woyenda m'wayamo wachepa, ndipo wochepa womwewo ndi umene ukudutsa m'mababu onse, poti msewu ndi umodzi. Mphamvu ya batire akugawana anayi. Palibe limene likutentha mokwanira. Mukawonjezera lachisanu padzafunika tochi kuti muone ngati ayaka."

Wa kumsika uja anaseka mpaka kugwira tebulo la makina.

"Koma pa lole," anatero a Ndikudziwako, kaukali kakale kakuyesa kudzuka, "mababu ndi ambirimbiri, batire limodzi, onse owala. Ndipo lililonse limapita ndi waya mmodzi. Ndinaona ndi maso angawa."

"Waya mmodzi wopita, inde. Nanga wobwerera?"

"Palibe. Limangogunda chitsulo."

"Chitsulocho ndiye waya wobwerera, ababa. Thupi lonse la lole limalumikizidwa ku mutu wina wa batire. Babu lililonse lili ndi njira yakeyake yopita ndi yakeyake yobwerera, silidutsira mwa linzake. N'chifukwa chake lina likapsa enawo amayakabe. M'shopumo mulibe chitsulo, muli matabwa."

A Ndikudziwako anayang'ana matabwa a kudenga.

"Ndiye kuti zaka makumi atatu ndinkakhala m'kati mwa waya, osadziwa?"

"Munkauyendetsa bwino, ababa."

Mwanayo anawauza zochita, ndipo iwo anamvera ngati wophunzira wa tsiku loyamba. Achotse kaye waya ku batire. Apeze mawaya awiri onenepa, poti wopyapyala nayenso ndi mtunda, amadya mphamvu m'njira ndipo amatha kutentha. Awayendetse awiriwo moyandikana pa denga ngati njanji, wina kuchokera ku mutu uwu wa batire, wina ku mutu uwo, osakhudzana paliponse. Babu lililonse likhale ngati mlatho pakati pa awiriwo, mwendo uku, mwendo uku. Pafupi ndi batire aikepo fyuzi ya galimoto.

"Ndipo awiri okha, ababa. Limodzi pa makina, lina pa tebulo. Akamawala mokwanira amadyanso mokwanira. Mukaika onse anayi, kasola kaja sikakwanitsa, batire lizitha dzuwa lisanapendeke."

"Awiri okha? Anthu aona ngati ndabwerera m'mbuyo."

"Abambo," anatero akazi awo.

"Awiri," anavomera.

Mawaya onenepa anakawatenga ku galaja, akuyenda mothamanga kuposa msinkhu wawo. Wa kumsika anagwira benchi kuti lisagwedezeke, akuwauza kuti akagwa iye sanyamula mwamuna wa mwini, wilibala anabweretsera makina. Foni inali pa tebulo, mwana akufunsa kuti tsopano mwagwira uti, nanga winawo uli kuti. Kawiri konse bambowo anati, "Bwereza, sindinamve," ndipo denga silinagwe.

Itakwana nthawi yogunditsa waya, anatembenukira akazi awo.

"Mayi, ndiyatse?"

"Mwayamba kufunsa zilizonse tsopano? Yatsani."

Kuwala kunagwa m'shopumo ngati madzi otayika m'ndowa. Kunaonekera fumbi la pa mashelefu, ulusi wa akangaude pakona, choko chomwe chinasowa mwezi wathawo, ndi mapini atatu pansi pa benchi. Amayiwo anaimirira. Anatenga kansalu kakuda pa mulu wa zidutswa, nakayandikiza kumaso, nakatalikitsa, nayamba kuwerenga timizere ta ulusi wake ndi chikhadabo. Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wobwerera kwawo atakhala kutali, mpaka maso awo anaima pa chigongono cha amuna awo.

"Bwerani kuno. Ichi n'chiyani?"

Pa jekete lotuwa lija panali chigamba chosokedwa ndi ulusi wobiriwira ngati msipu, msoko wake wokhotakhota.

"Munasoka ndinu, sabata yatha."

"Ndi ulusi uwu? Ndipo mwakhala mukuyenda nacho m'misewu, anthu akudziwa kuti akazi anu ndi telala? Osanena?"

"Ndimati ndikanena mukhumudwa."

Amayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, koma ulendo uno sikunali kuloweza.

"Vulani," anatero. "Anzanga, pepani, bwezeretsani mabawutiwo. Mwavutika ndi wilibala."

"Ndinadziwa ine kuti mwayi woterewu si wanga," anadandaula wa kumsika uja akugwadanso. "Alamu, lamba uyo. Kapena nayenso tiimbire mwana?"

Mwanayo sanadule foni asanalonjezedwe chinthu chimodzi, ndipo m'mawa mwake a Ndikudziwako anaperekeza akazi awo ku chipatala cha maso. Dokotala anayeza, nawalitsa katochi, nati maso ndi abwino, angofunika magalasi owerengera monga aliyense wa msinkhu umenewo. Anafunsa chifukwa chake sanabwere msanga ngati ankada nkhawa. Amayiwo anayang'ana pansi, nati ankaopa kumva yankho.

Mphunzitsi wa siketi uja sanabwererenso, ndipo masabata asanu ndi awiri a mantha palibe anawabweza. Kwa masiku angapo a Ndikudziwako ankalandira tiyi wawo popanda mawu. Iwo sanadandaule. Ankangokhala pa benchi, jekete losokedwanso bwino lili pamapewa, kumvetsera makina akulira, mpaka tsiku lina, pakati pa mpendero wa diresi lakuda bii, anamva akazi awo ayambanso kuimba.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, uchi uli pomwepo m'chisa, wofuna kungofunsa kuti kodi chodyedwa ndi chiti. M'nyumba iyi osafunsa anali awiri, wina chifukwa cha manyazi, wina chifukwa cha mantha, ndipo phula lawolo anadyera mbale imodzi, aliyense akumeza mwakachetechete kuti mnzake asaone kuti silikutsika.